Funsani Malume: Kanyumba ka agogo ka kunjanji, tigumule kapena tikasunge?

Mwezi uno ndasankha makalata atatu okha poti onse akukamba chinthu chimodzi, tinyumba takale tomwe munkakhala anthu antchito. Imodzi ndi ya mayi wa ku Salima, awiri enawo achokera m'boma la Nkhotakota. Inu amene munafunsa za malire a minda ndi za chamuna pepani, tidzakambirana mwezi wa mawa.

Zikomo a Malume. Ine ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Lilongwe koma kwathu ndi ku Salima. Nkhani yanga ndi ya kanyumba komwe anatisiyira agogo aamuna, kali chakufupi ndi njanji, zipinda ziwiri ndi kakhonde, njerwa zootcha, malata ake aja okhuthala akalekale, khitchini ili panja. Agogowo ankagwira ntchito yokonza njanji kuyambira nthawi ya atsamunda mpaka anapuma, mayi anga ndi abale awo onse anakulira momwemo, ana 7. Agogo aakazi alipo koma akalamba kwambiri, akusungidwa kwa mayi aang'ono ku Kaphatenga, nde mnyumbamo muli wa lendi. Tsopano achimwene anga akuti tigumule timangepo mashopu atatu poti malowo ndi abwino pa geni, akuti kanyumbako kakudontha, khoma lina linang'aluka kalekale, komanso ndi ka boyi wa azungu palibe chonyadira. Ine mtima ukukana koma pa gulu lathu la WhatsApp la pabanja ndimasowa chowayankha, amangoti iwe mbiri yakoyo tidya? Mapepala a nyumbayo ine sindinawaonepo, amangoti ali kwa amalume. Kodi kanyumba ngati kameneka kali ndi phindu lanji, kapena ndi ine ndikungokakamira zinthu zopanda pake?
Mayi wa ku Salima

Mphwanga, zikomo polemba, ndipo mtima wanuwo sukukunamizani ayi. Koma achimwene anunso musawaone ngati mdani, munthu akamati mbiri tidya ndiye kuti akuganiza za fizi ya ana, za feteleza, za mankhwala a agogo omwewo, paja amati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Zimenezo ndikuzimva. Chomwe ndikukana ine ndi mawu amodzi okha aja, oti ka boyi wa azungu palibe chonyadira. Pamenepo ndiye ayi ndithu.

Salima amene mukumudziwayu, wa Kamuzu Road, wa mashopu, maminibasi ndi akabaza mbwee, anakula ndi njanji. Sitima inayamba kuyenda pakati pa Blantyre ndi Nsanje mu 1908, nthawi imeneyo Nsanje akuti Port Herald, koma kuti ifike kuno kunyanja panadutsa zaka zina 27. Mu 1935 ndi pomwe njanji yochokera ku Blantyre kudzera ku Balaka, Golomoti, Mtakataka ndi Chipoka inafika pa Salima, ndipo chaka chomwecho anatsegula mlatho wautali uja wa pa Zambezi, nde katundu amatha kukwera pa Salima mpaka kukatsika ku doko la Beira. Poyamba maso a eni mapulani anali pa Domira Bay koma njanjiyo inathera pa Salima, ndipo inakhala ikuthera pomwepo zaka zoposa 40, mpaka mu 1979 pomwe anaipitiriza kukafika ku Lilongwe ndi thandizo la dziko la Canada, kenako ku Mchinji. Ndiye tangoganizani zaka zonsezo, fodya ndi mtedza wa kumtunda zimatsika ndi malole kudzakwera sitima pa Salima, thonje la kunyanja kuno chimodzimodzi, pa Chipoka sitima ya pamtunda imakumana ndi ya pamadzi, ndipo anyamata ambiri opita kukasaka ntchito ku Halale ndi ku Joni anatsanzikana ndi akazi awo pa siteshoni yomweyo, ena osabwereranso.

Nde ndiwafunse achimwene, njanji imeneyo anaiyala ndani? Ndi manja a anthu ngati agogo anuwo, piki, fosholo, dengu la dothi pamutu, padzuwa la Okutobala la ku Salima lomwe inu nomwe mukulidziwa, udzudzu ndi malungo osanena. Ndipo njanji si chinthu choti wayala basi watha, imafuna kuisamala tsiku ndi tsiku. Munthu wokonza njanji amalawira m'mamawa kuyenda wapansi kuona ngati mabawuti amasuka, kushindira miyala pansi pa zitsulo, kulambula udzu kuti moto wolusa usafike, kutsegula ngalande, ndipo mvula ikagwa usiku mtsinje n'kusefukira iyeyo ndi amene amadzuka ndi nyali kukaona ngati madzi akokolola dothi, n'kuimika mbendera yofiira sitima isanafike. Akagona tulo anthu a m'mabogi onse apita. Ma injini akale aja anali a moto ndi madzi, dizilo anayamba kulowa m'ma 1960, nde panalinso wina wa pampu ya madzi, wina wothira malasha, wina wosintha njira. N'chifukwa chake tinyumbato anatimanga pafupi ndi njanji, samafuna wantchito akhale kutali koti sangamve kapitawo akamaitana.

Tsopano za uboyizo. Ndi zoona kuti nthawi imeneyo ntchito imagawidwa potengera khungu, azungu pamwamba, amwenye pakati ngati makalaliki, amisiri ndi oyang'anira masiteshoni, ife pansi. Nyumbanso zimatsata momwemo, ya bwana khonde lozungulira, denga lalitali kuti muzizizira, zipinda zambirimbiri, kuseri boyizikota, pomwe wa piki ndi fosholo amapatsidwa chipinda chimodzi kapena ziwiri. Koma zimenezo manyazi ake si a agogo anu. Tsiku lina mukapita kumudzi mutenge tepi kwa telala muyeze zipinda ziwirizo, mulitali ndi mulifupi, kenako muime pakati muwerenge anthu 9, bambo, mayi ndi ana 7, mphasa zimayalidwa bwanji, atsikana atakula amagona kuti, alendo akabwera kuchokera kumudzi amatani, matumba a chimanga amakhala pati. Mmenemo ndi momwe munatuluka mayi anu, momwemo munatuluka inu amene lero mukulemba kalata kuchokera ku Lilongwe. Mwana wa fomu 3 akhoza kuloweza za atsamunda m'kalasi chaka chonse, koma mutamulowetsa m'chipindamo n'kumuuza kuti muno munkagona anthu 9 sadzaiwala.

Chomwe chimandiwawa ine ndi ichi. Nyumba zakale zomwe dziko lathu lasunga bwino zambiri ndi za mabwana ndi amishoni. Mandala ku Blantyre ya mu 1882 inali nyumba ya mamanijala a African Lakes, tchalitchi cha St Michael and All Angels chinatha mu 1891, Stone House ku Livingstonia, zonsezo ndi zabwino ndipo ine ndimazikonda, musandimve molakwa. Koma amene anaumba njerwa zake, amene anasenza matabwa ake, nyumba zawo zili kuti? Ku miyuziyamu ya ku Chichiri aimika ma injini akale a sitima panja, ana a sukulu amajambulitsa pomwepo, koma komwe amagona anthu amene amayendetsa ndi kusamala ma injiniwo kukutha kamodzikamodzi popanda wolemba olo mzere umodzi. Chitsanzo chomwe chimandipatsa mphamvu ndi kanyumba ka pa Namaka, pamsewu wa Blantyre kupita ku Zomba, komwe ankapumulako amtengatenga onyamula makalata wapansi. Ndi kakang'ono, kopanda kukongola kulikonse, koma anakasunga n'kukasandutsa miyuziyamu chifukwa cha anthu amene ankagonamo. Kanu ndi ka mtundu womwewo.

Ine ndili mwana tinkathamangira kukaona sitima ikamalira, ndipo panali mzere wa tinyumba ngati kanuko komwe mayi wina ankatipatsa madzi akumwa m'chikho. Nditabwererako nditakula ndinapeza mulu wa zidutswa za njerwa ndi mtengo wa mango basi. Ndinafunsa anthu angapo ngati pali amene ali ndi chithunzi, palibe. Dzina la mayiyo olo la amuna awo palibe amene analikumbukira. Ndinachoka pamenepo mtima uli zii ndipo mpaka lero zimandivutabe.

Nde mupange chiyani? Musayambe ndi nyumba, yambani ndi agogo aakazi, ndipo musadikire Khirisimasi. Khoma likhoza kudikira chaka china, agogo sitikudziwa. Pitani ku Kaphatengako ndi foni yotchaja bwino, mugule shuga ndi buledi, mukhale nawo pamphasa muwajambule mawu, ndipo musawafunse kuti tiuzeni mbiri chifukwa adzangoti aaa ine ndaiwala. Afunseni tinthu ting'onoting'ono, madzi mumatunga kuti, phoso amapereka tsiku lanji ndipo mumakhala chiyani, malipiro anali mashereni angati, oyandikana nawo anali ochokera kuti, Asena, Alomwe, Ayao kapena Atonga, ndani anabadwira m'chipinda chiti, mtengo wa pakhomo anadzala ndani, tsiku lomwe analowa mnyumbamo mvula inali itayamba kapena ayi. Mukafunsa choncho mudzaona nkhani zikubwera zokha, ena mpaka nyimbo zomwe amuna ankaimba pokoka zitsulo. Zomwe mwajambulazo mutumize kwa abale atatu anayi, foni imabedwa. Muwapemphenso akutsegulireni sutukesi yawo ija, mumapezeka makadi a penshoni, ziphaso za msonkho, makadi a ubatizo, zithunzi, mabatani a yunifomu, zonsezo zimathandiza kudziwa zaka.

Kenako mapepala a nyumba. Apa ndiye mundimvetsetse, musagumule, musamange, musagulitse musanawaone ndi maso anu. Nyumba zambiri zantchito zinali za kampani kapena za boma, munthu kukhalamo zaka 40 sikutanthauza kuti ndi yake, nde pakufunika chikalata choonetsa kuti agogo anagula kapena anapatsidwa, komanso malowo ndi a lizi kapena ayi. Amalume anu akuonetseni mwaulemu, mujambule tsamba lililonse, mukafunse ku ofesi ya malo ndi ku khonsolo ya Salima. Chinanso chomwe achimwene mwina sanaganize, m'mbali mwa njanji mumakhala malo osiyidwa dala omwe saloleza kumangapo, nde zikhoza kutheka kuti kanyumbako kakhala mwamtendere chifukwa ndi kakale, koma mashopu atsopano n'kudzalembedwa chizindikiro chofiira ndalama zitalowa kale. Ndipo poti agogo aamuna anatisiya, lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limateteza mkazi wamasiye ndi ana, kutanthauza kuti mawu oyamba ndi a agogo aakazi ndi ana awo, si a zidzukulu pa WhatsApp ayi.

Za kudontha ndi mng'aluwo si zifukwa zogumulira nyumba. Mukumbukire kuti pa 10 Malichi 1989 ku Salima kunachitika chivomezi chachikulu chomwe chinapha anthu ndi kugwetsa nyumba zambirimbiri, nde ngati kanuko kanaima tsiku limenelo ndiye kuti amisiri ake sanali amasewera, ndipo mwina mng'aluwo ndi wa nthawi yomweyo, afunseni agogo. Kuti mudziwe ngati ukukula, lembani ndi pensulo pomwe wathera mbali zonse ziwiri, muyeze kukula kwake, mulembe deti pakhoma pomwepo, mudzaonenso mvula ikatha. Ukakhala chimodzimodzi ndi chilonda chakale, mmisiri angotseka. Koma ukamakula, kapena khoma likupendekeka, kapena chitseko chayamba kukanika kutseka, wa lendiyo asamagone chipinda chimenecho ndipo muitane munthu wodziwa za zomangamanga adzaone fawundeshoni. Ndalama yoyamba ipite kudenga, mukhome misomali yomwe yazuka, musinthe malata okhawo omwe aboola, akale okhuthalawo musawataye poti amaposa ambiri a masiku ano, muone ngati chiswe chalowa m'mitengo ya denga. Mukatero mukumbe kangalande kozungulira madzi asamaime m'mphepete mwa khoma, mukudziwa mmene Salima amachitira mtsinje wa Mpatsanjoka ukakwiya. Ndipo chonde musalole mmisiri akuuzeni kuti tipake pulasitala wa simenti yambiri kuti ilimbe. Njerwa zakale zambiri ndi zofewa ndipo anazimanga ndi dothi kapena laimu, khoma lotero limapuma, chinyezi chimalowa n'kutulukanso, nde mukalikuta ndi simenti yolimba chinyezicho chimatsekeredwa mkati, njerwa zimayamba kufumbutuka kuseri kwa pulasitala inu mukuona ngati zili bwino. Laimu yemwe uja ankapaka agogo chaka ndi chaka ndi amene amagwirizana nalo.

Kwa achimwene mupite ndi nzeru osati misozi yokha. Ngati malo alipo ndipo khonsolo yalola, mashopu akhoza kumangidwa kutsogolo chakumsewu kanyumba n'kutsala kuseri, lendi ya kanyumbako izikonza kanyumba komweko, aliyense wapeza chake. Muitane amalume, mayi aang'ono ndi agogo mukhale pansi pamaso, mutu umodzi susenza denga, ndipo nkhani ngati iyi pa foni imangobala mawu opweteka. Zikakanika ndithu banja lonse n'kugwirizana zogumula, musadane nawo abale anu chifukwa cha njerwa, koma mupemphe sabata imodzi, mujambule mbali zonse kunja ndi mkati, muyeze, mujambule pulani yake papepala, muchotse chitseko, mafelemu a mawindo ndi njerwa zingapo musunge. Koma ine pempho langa ndi loti kaime.

A Malume, ine ndi bambo wa ku Nkhotakota pa boma. Kuseri kwa nyumba yathu kuli kanyumba kakale komwe akuluakulu amati munkakhala amesenjala a kwa DC, ena amati ayi munkakhala mphunzitsi wa mishoni. Pano timasungiramo mpunga ndi maukonde. Ndimafuna kudziwa zaka zake koma ndikuopa kukafunsa ku boma, anzanga akuti ukangonena amabwera kudzakulanda malo n'kuika chikwangwani. Zoona zimenezi? Nanga akaika chikwangwanicho amapereka ndalama?
Bambo wa ku Nkhotakota

Bambo, mantha amenewo ndawamva kwa anthu ambiri ndipo ndi amene akutha zinthu zakale m'dziko muno, munthu amalolera kugumula usiku kuopa chikwangwani. Lamulo lomwe limayang'ana zimenezi ndi Monuments and Relics Act la mu 1990, ndipo amene amaliyendetsa ndi dipatimenti ya boma yoona za mamiyuziyamu ndi zipilala zakale, ija kale tinkaitchula kuti Antiquities. Kufunsa zaka za nyumba sikupangitsa kuti ilengezedwe kukhala yotetezedwa ndi boma, kulengeza ndi nkhani yaitali yomwe imafika mpaka kwa nduna, ndipo nyumba zomwe zinafika pamenepo ndi zochepa kwambiri. Ikalengezedwa chomwe chimasintha kwenikweni ndi choti simungaigumule kapena kuisintha popanda chilolezo. Za kulanda, malamulo aakulu a dziko lino amanena kuti boma silingatenge katundu wa munthu popanda kumudziwitsa bwino ndi kumulipira chipukuta misozi choyenera, ndipo munthu ali ndi ufulu wopita kukhoti. Za ndalama ndikuuzeni mosabisa, musayembekezere, dipatimentiyo ili ndi malo ambiri oti isamale kuposa ndalama zomwe ili nazo. Kanyumba kanuko kadzapulumuka chifukwa cha inu, ndipo mpunga ndi maukonde mukusungamowo akukathandiza, nyumba yomwe anthu amalowamo tsiku ndi tsiku amaiona msanga ikayamba kudontha, yotsekedwa ndi imene imagwa.

Za zaka, inu muli ndi mwayi poti Nkhotakota ndi tauni yakale kwambiri ndipo zaka zake zina zimadziwika bwino. A Jumbe, mafumu achiswahili, anakhazikika kumeneko m'ma 1840 ndi malonda a minyanga ndi akapolo, David Livingstone anafikako mu 1861 n'kubweranso mu 1863, mkuyu womwe amati anakhala pansi pake, uli pa mishoni ya St Anne's, ndi mboni. Ulamuliro wa a Jumbe unatha mu 1894, chaka chomwecho amishoni a Anglican a UMCA anatsegula mishoni yawo, ndipo bishopu Chauncy Maples amene anamira panyanja mu 1895 anaikidwa komweko ku tchalitchi cha All Saints. Nde kaya ndi ka mesenjala kaya ka mphunzitsi, kanyumba kanuko sikangapose zaka zimenezo, funso ndi loti kanabwera liti pambuyo pake. Muyang'ane njerwa zake muyerekeze ndi za nyumba zakale za ku mishoni ndi za pa boma, kukula kwake, mtundu wake, kamangidwe kake, chifukwa aliyense anali ndi chikombole chake ndi amisiri ake. Mukwere muone kunsi kwa malata, akale ena amakhala ndi chidindo cha fakitale, maloko ndi mahinjesi chimodzimodzi. Muone ngati pafupi pali mafawundeshoni ena pamzere umodzi, amesenjala ndi apolisi ankawamangira m'malayini, pomwe mphunzitsi nthawi zambiri nyumba yake imakhala pafupi ndi sukulu kapena tchalitchi. Akuluakulu a mpingo ndi a kumzikiti muwafunse onse, komanso amfumu, ndipo mawu awo mulembe ndi dzina la amene wanena, olo akutsutsana.

Mukafuna kupita patali, National Archives ku Zomba amasunga mabuku a ma DC akale ndi mafayilo a zomangamanga za boma, ndipo munthu wamba amaloledwa kukawerenga. Kungoti pofufuza muzilemba Kota Kota monga ankalembera azungu, mukalemba Nkhotakota mafayilo akalewo simuwapeza. Mphwanga wa ku Salima uja amvenso apa, nthawi imeneyo dera la Salima linali pansi pa Dowa, nde zambiri zakale za kwanuko zili m'mafayilo a Dowa ndi a Nyasaland Railways.

Mesenjala musamuone mopepuka. Iyeyo ndi amene ankayenda wapansi masiku angapo ndi kalata ya DC, ankamasulira pa milandu, ankaperekeza okhometsa msonkho, anthu amamuopa ena amamuda, koma analinso munthu wa ana ake wofuna kudya. Mbiri yake ndi yosakaniza choncho ndipo ndi yathu, tisasunge zokoma zokhazokha.

A Malume, ine ndinakulira m'nyumba za kampani ku Dwangwa, bambo anga anali odula nzimbe. Nyumba zimenezo si zakale kwenikweni, nanga nazonso tinganene kuti ndi mbiri? Komanso kwathu kumudzi bambo anafolera khitchini ndi malata aja otuwa ngati simenti omwe anagula kwa munthu, ena akuti ndi oopsa.
Mtsikana wa ku Dwangwa

Mwanawe, ndi mbiri ndithu. Esiteti ya ku Dwangwa inayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, nde nyumba zoyambazo zadutsa kale zaka 40, ana amene anabadwiramo pano ena ali ndi zidzukulu. Tinyumba ta kunjanji ku Salima natonso mu 1975 anthu ankangoti ndi makomboni basi, palibe ankaganiza zojambula, n'chifukwa chake lero tikusowa zithunzi. Nyumbazo ndi za eni ake, simungazisunge inu, koma mukhoza kupempha amene akukhalamo pano akuloleni kujambula panja ndi pakhonde, ndipo bambo anu ngati alipo muwajambule mawu akufotokoza tsiku la wodula nzimbe, ankadzuka nthawi yanji, chikwanje ankanola bwanji, mwaye wa nzimbe zootcha unkawatani m'maso ndi pakhungu, anzawo anali ochokera maboma ati.

Za malata otuwawo, akhoza kukhala a asibesitosi, ankagwiritsidwa ntchito kwambiri zaka zimenezo. Akakhala athunthu osasweka vuto limakhala lochepa, choopsa ndi fumbi lake likalowa m'mapapo, matenda ake amadzaoneka patapita zaka zambiri. Musawaswe, musawacheke, musawaboole, musawakwetche ndi bulashi ya waya, ana asamasewere ndi zidutswa zake ndipo zidutswazo musaikepo mphika kapena kuotchera chimanga. Akayamba kuphwanyika mukafunse a zaumoyo ku khonsolo kachotsedwe kake, ndipo pochotsa amayenera kunyowetsedwa kaye n'kutsitsidwa athunthu, osati kuponya pansi.